Ndowa Yanga ndi Bulauzi Yoyera

Lolemba

Sabata ino ndili ndi zinthu ziwiri, ndipo zonse zitheka. Ndikulemba ndi cholembera chofiira kuti ndisadzakane.

Choyamba: Lachisanu ana anga a Fomu 4 aona kemisitiri ndi maso awo, osati ya choko yokhayokha.

Chachiwiri: Lamulungu akundiveka yunifomu ya gulu la amayi kumpingo kwathu, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Zaka ziwiri ndakhala ndikupita ku maphunziro Lachinayi lililonse masana, kuzonda odwala, kukolopa m'tchalitchi, kuphika pa maliro mpaka maso kufiira ndi utsi. Amayi anga anaikidwa m'manda atavala yawo. Yunifomu imeneyi ndikuifuna, ndipo sindichita manyazi kunena.

Labotale ya sukulu yathu ndi kabati imodzi mu ofesi ya ahedi. Muli izi:
- timabotolo tagalasi titatu, kamodzi kothyoka mlomo
- mapepala a litimasi amene anaiwala kalekale ntchito yawo
- sikelo yopendekera kumanzere
- mavu

Lero ndajambula pabolodi banja lonse. Kaboni ali ndi manja anayi. Akamagwirana ndi haidurojeni yekhayekha, ndiye palafini, petulo ndi kandulo, anthu onyada amene sasakanikirana ndi madzi. Koma dzanja limodzi likangogwira okosijeni wobereka haidurojeni wake kumbuyo, kagulu kamene timalemba kuti OH, khalidwe lonse lasintha. Ameneyo ndiye etanolo ndi abale ake. Kagulu kakang'onoko ndi kamene kamalamula nyumba yonse.

Ndikufotokoza bwinobwino, thukuta lili kamukamu, Rozi wakweza dzanja. Rozi ndi mwana wa Mayi Muhiwa, amene ndi wapampando wa gulu la amayi lomwe lija. "Madamu, etanoloyo inuyo munamuonapo, kapena nanunso anangokuuzani?"

Kalasi yonse kuseka. Zandiwawa, chifukwa ndinamuonapo kamodzi kokha ku koleji, ali m'botolo, mphunzitsi atagwira yekha.

Asekeretu. Sakudziwa kuti m'khitchini mwanga muli ndowa ya pulasitiki yovindikira bwino, ndipo yakhala ikugwira ntchito kuyambira Lachitatu lapitali. Shuga, madzi ofunda, yisiti wa mandasi, madeya pang'ono. Ukaika khutu umamva ikunong'ona.

Amuna anga, abambo ake Tadala, akuti, "Mayi, m'khitchinimu mukununkha ngati kuseri kwa msika." Ndawauza kuti mphuno zawo sizinapite kusukulu.

Lamulo la gulu ndimalidziwa pamtima. Mayi wa yunifomu samwa mowa, safulula, sagulitsa, ngakhale kubwereketsa mtsuko kwa wofulula. Chabwino. Ine sindikufulula mowa, ndikupanga etanolo. Wofulula amafuna anthu aledzere, ine ndikufuna ana akhoze mayeso. Amene sakuona kusiyana kwake abwere akhale kutsogolo m'kalasi mwanga.

Dongosolo:
- mawa ku Balaka, kukatenga bulauzi kwa telala ndi kugula mankhwala
- Lachitatu kupeza zotchezera, kuti ndilekanitse etanolo ndi madzi
- Lachinayi kutcheza, pasukulu, ana akuona
- Lachisanu kumuyatsa, kumusandutsa asidi, kenako esita wonunkhira ngati switi
- Lamulungu kuvala zoyera

Palibe chovuta apa.

Lachiwiri

Ndaima pa siteji ya Ulongwe kuyambira m'mawa. Kondakitala aliyense akuti "yonyamuka iyi mayi," m'kati muli anthu awiri ndi thumba la chimanga. Ndafika ku Balaka dzuwa lili paliwombo.

Bulauzi yatha! Telala wasoka bwino, mikono yofika m'chigongono monga lamulo, kolala yosaonetsa kanthu. Ndaiyesa kuseri kwa katani, ndadziona pa kagalasi kake kosweka, ndipo ndaoneka ngati amayi anga. Ndakhala kaye pansi pang'ono.

Kusitolo ya mankhwala ndi kumene kwandipsetsa mtima. Ndafunsa etanolo. Mtsikana wapakauntala wandipatsa sipiriti wa pepo uja wopaka pa bala. Ndati iyayi, ameneyo anamuthira kale mtundu ndi poizoni, nanga ana adzaona bwanji mtundu ukusintha ngati chinthucho chabwera chitavala kale mtundu wake? Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, ngati ndi wakumwa, malo ake ndi tsidya ilo."

Ine. Wakumwa. Bulauzi yoyera ili m'jumbo m'manja mwanga.

Zimene ndapeza:
- pamanganeti, tinjere tija timasungunula m'madzi n'kutsukira zilonda, madzi ake a pepo
- asidi wa batire, kwa bambo wina wokonza magalimoto
- paipi yagalasi yotchezera: kulibe, ndipo sitolo zitatu zandiseka

Pamanganeti ndamukulunga m'mapepala atatu ndipo wakhala pamiyendo panga njira yonse, bulauzi m'chikwama kutali naye. Ine si mwana.

Ndafika kunyumba, tsoka. Abambo ake Tadala aona chivindikiro chitatupa, aopa kuti ndowa iphulika, achichotsa. Mpaka apo ndingakhululuke. Koma achitenga n'kuthirapo madeya a abakha, ndipo abakha achiponda chang'ambika pakati. "Ndapulumutsa nyumba," akutero, akumwa tiyi. Ndaphimba ndowa ndi chitenje chakale n'kumanga ndi chingwe. Mpweya ukulowa. Etanolo ndi mpweya sagwirizana, akakhala limodzi masiku angapo zimathera kwina. Ndiyenera kufulumira.

Bakha mmodzi wanyambita thovu limene linatayikira pansi. Wakhala moyang'ana khoma, sakuyankhula ndi aliyense.

Madzulo dzuwa lisanalowe abwera Mayi Muhiwa kudzaona bulauzi, chifukwa wapampando amayenera kuyeza mikono asanakuveke. Ayeza, avomera. Kenako mphuno yawo yayamba kuyendayenda. "Mukuphika masikono, Madamu?"

Ndikanangoti eya. Mawu amodzi okha. Koma pakamwa pangapa pati, "Iyayi, ndi za kusukulu."

"Oho," atero, akuyang'ana bakha uja.

Lachitatu

M'dera lino muli munthu mmodzi yekha amene ali ndi zotchezera zogwira ntchito: Amake Fanesi, otcheza kachasu kuseri kwa msika. Aliyense amawadziwa, palibe amavomera kuti amawadziwa.

Abambo ake Tadala akuti nditume munthu. Nditume munthu chifukwa chiyani? Wobisala ndi amene walakwa. Ndapita ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo, choko chili m'manja, buku la kemisitiri kukhwapa, kabotolo ka madzi a m'ndowa mwanga m'chikwama. Ndalowera pakhomo la kutsogolo.

Pabenchi pali amuna asanu. Atatu ndi makolo a ana anga. Onse aimirira ngati ndalowa m'kalasi. Mmodzi wavula chipewa. "Takulandirani, Madamu. Sitimadziwa kuti ndinu anzathu."

Sindine mnzanu, bambo. Mwana wanu sadziwa kuchotsera.

Koma abale, Amake Fanesi! Ndimati ndikawafotokozera, ndiye iwo andiphunzitsa ine. Mtsuko pamoto, kukamwa kwake komata bwino, paipi yodutsa m'chomwera ng'ombe chodzaza madzi ozizira, kumapeto botolo. Ndi chithunzi chenicheni cha m'buku langa, kungoti chawo chikugwira ntchito. Ndati etanolo amawira msanga kuposa madzi, ndiye pamafunika choyezera kutentha. Aseka. Akhudza mtsuko ndi kuseri kwa dzanja, achotsa chikuni chimodzi. "Moto ukachuluka mutcheza madzi. Umafuna kunyengerera."

Adontheza pang'ono pa supuni, ayatsa machesi. Lawi lobiriwira ngati kumwamba, lopanda utsi ndi pang'ono pomwe. Ndakhala ndikulemba za lawi limeneli pabolodi zaka zonsezi, lero ndi pamene ndaliona bwinobwino, kuseri kwa msika, pakati pa zidakwa. Ndachita nsanje, ndinene zoona.

Ndawapatsa kabotolo kanga. Anunkhiza, aviika chala, alawa. "Wapsa dzana uyu. Dzanja muli nalo, Madamu. Koma mukachedwa usasa."

Ndati ndikudziwa, umenewo timautcha okosideshoni, etanolo akakwatira mpweya n'kusanduka asidi. Ati, "Ife timangoti wasasa."

Andibwereka paipi ndi mtsuko waung'ono. Paipiyo ndi yaitali kuposa ine. Wakabaza wakana kuinyamula, akuti mpingo wake sulola. Ndaisenza ndekha paphewa, mtsuko m'manja, kudutsa pakati pa msika chifukwa njira ina kulibe.

Amene andiona:
- ogulitsa tomato onse
- a telala a pakhonde
- amayi atatu a gulu lathu, akugula usipa
- minibasi yathunthu ya ku Mangochi, imene yaima dala

Ndawapatsa moni onse, mmodzimmodzi, mutu uli m'mwamba. Amayi atatu aja ayankha moyang'ana usipa.

Ndimati nditcheze lero lomwe kunyumba kuti etanolo asaonongeke. Abambo ake Tadala aima pakhomo la khitchini. "Paipi imeneyo ikangoona moto pakhomo pano, ine ndikukagona kwa achimwene." Chabwino, mawa pasukulu, monga mwa dongosolo. Ntchito ya sukulu ichitikire kusukulu.

Lachinayi

M'mawa ndamanga ndowa pa keliyala ya njinga, paipi m'mbali, ndikukankha pang'onopang'ono kuti isakhavukire. Ndafika pageti, ahedi aima kale pomwepo. Sanaimepo pageti chibwerereni pasukulu pano. Pambali pawo pali a Sumaili, apampando a komiti ya makolo, atavala mkanjo woyera.

A Sumaili ndi munthu waulemu, sakweza mawu. "Madamu, timakulemekezani. Koma ana athu ambiri pano ndi Asilamu, ndipo ena ndi a mipingo yosamwa. Mwana wanga sangakhale m'chipinda chimodzi ndi chinthu chimenecho."

Ndati, a Sumaili, nthawi ya mliri ija tonse tinkapaka sanitaiza m'manja, pakhomo la mzikiti ndi pakhomo la tchalitchi. Mumayesa munali chiyani m'menemo? Ndi yemweyu. Perefyumu wa pa Idi, yemweyu. Sipiriti wa kuchipatala, yemweyu.

Aganiza kaye. "Uja ankachokera kusitolo. Uyu wachokera m'khitchini mwanu, ndipo paipiyo tonse tikuidziwa kwawo."

Apo andigwira pang'ono, koma sindinaonetse.

Ahedi akuti iwo sayansi amaikonda kwambiri, koma ndowa isalowe pageti. Akuti ndijambule pabolodi. Zaka zonsezi ndimachita chiyani, ahedi, kusoka mphasa? Ndakankha njinga kubwerera kunyumba, kudutsanso pamsika. Ogulitsa tomato ayamba kundizolowera.

Masana ndimayenera kupita ku maphunziro otsiriza a gulu. Sindinavutike, maphunziro abwera okha. Ndamva nyimbo kumsewu, ndasuzumira: amayi khumi ndi awiri, zoyera zokhazokha, ali pa mzere, Mayi Muhiwa kutsogolo. Kwathu kuno gulu likabwera kwanu likuimba pa Lachinayi, ndiye kuti mwina mwadwala, mwina mwaferedwa, mwina mwagwa. Ine sindikudwala ndipo sindinaferedwe.

Ndayala mphasa. Ayamba ndi pemphero lalitali, lonena za nkhosa imene inaphunzira kwambiri mpaka kuiwala khola. Ndati ameni mokweza kuposa onse.

Kenako mafunso. Kodi ndinapita kwa Amake Fanesi? Eya. Masana? Eya, ndipite liti? Kodi m'ndowamo muli chiyani? Ndayamba kufotokoza za yisiti, momwe amadyera shuga n'kutulutsa etanolo ndi mpweya wa thovu uja. Ndatola kamtengo, ndajambula kaboni ndi manja ake anayi pa dothi. Mayi wina wachikulire wasuntha mapazi ake kuti asaponde chojambulacho, akuyesa ndi zamankhwala.

Mayi Muhiwa andidula. "Madamu, funso ndi limodzi. Munthu atamwa zimenezo, angaledzere?"

Ndati palibe amene amwe. Ati funso silimenelo. Ndaloza bakha.

Sindikudziwa chifukwa chake ndaloza bakha.

Chigamulo: ndowa ipite ku kachipinda ka akulu a mpingo ngati umboni. Mlandu Lamulungu m'mawa mapemphero asanayambe. Akapeza kuti ndi mowa, yunifomu palibe. Amayi awiri ainyamula, chitenje chachoka, ndipo aliyense akuweramira kununkhiza n'kugwira pachifuwa. Ndafuula kuti aivindikire, mpweya ukulowa. Mmodzi wayankha kuti, "Mukuuderabe nkhawa mowa wanu?"

Apita akuimba. Nyimbo yake ndi imene ndimaikonda, ndiye zikuwawa kwambiri.

Sindigonja. Phunziro la mawa lilipo.

Lachisanu

Kalasi yadzaza mpaka pakhomo. A Fomu 1 ali m'mawindo. Alonda nawonso aima kumbuyo. Mphekesera yati Madamu lero agawa kachasu, aliyense kapu imodzi. Ana amene sindinawaonepo kuyambira teremu yatha abwera, atasamba.

Patebulo ndaika:
- palafini
- kandulo
- mafuta ophikira
- madzi a pamanganeti m'timabotolo tathu titatu
- mbale yoyera
- malo opanda kanthu, ndazunguliza ndi choko, ndalembapo kuti etanolo

Palafini ndi madzi: ndakhutchumula, akana, palafini wakwera pamwamba. Kandulo: ndaika mbale pamwamba pa lawi, yada bii ndi mwaye. Ndati ameneyo ndi kaboni amene sanapeze okosijeni womukwana. Kenako palafini m'madzi a pepo. Ndakhutchumula mpaka mkono kuwawa, pepo ali pomwepo, chifukwa manja onse a kaboni ndi otanganidwa kale. Ndiye mafuta ophikira. M'menemo muli makaboni ena ogwirana manja awiriawiri, okonzeka kumasula dzanja limodzi kuti alandire mlendo. Ndakhutchumula. Pepo wayamba kuzimiririka, wasanduka ngati tiyi wopanda mkaka.

Kenako wina kumbuyo, "Bwerezani, Madamu." Ndabwereza katatu. Alonda afunsa ngati mafutawo angaphikirebe ndiwo.

Mtima wanga unali m'malo mpaka ndafika pa bwalo la choko lija. Apo ndabwerera pabolodi ngati masiku onse. Ndalemba kuti etanolo amayaka ndi lawi lopanda mwaye. Ndalemba kuti amasakanikirana ndi madzi chifukwa cha OH wake. Ndalemba kuti akasiyidwa pa mpweya, tizilombo tosaoneka timamukwatitsa ndi okosijeni, kagulu kake kamasintha, ndipo amasanduka asidi wa viniga.

Rozi, yemwe uja. "Viniga wothira pa tchipisi, Madamu? Kuchokera ku mowa?"

Ndati yemweyo. Ayang'anizana. Sakukhulupirira, ndikuona m'maso mwawo. Za mafuta aona, ndiye akhulupirira. Izi akungolemba kuti Madamu asakwiye. Ndawauza kuti ine ndikanena chinthu pabolodi ili, ndiye kuti ndi choona, kaya pali ndowa kaya palibe. Rozi wati, "Chabwino, Madamu," mwa mawu aja amene munthu amayankhira wodwala.

A Fomu 1 achoka m'mawindo okhumudwa.

Zala zanga zathimbirira ndi pamanganeti, sizikuchoka ndi sopo. Pamsika mayi wa tomato waziyang'ana n'kunong'oneza mnzake kuti ndi momwe zimakhalira zala za otcheza.

Loweruka

Ndabweza paipi ndi mtsuko kwa Amake Fanesi. Masana. Pakhomo la kutsogolo. Amva zonse kale. "Akakukanani kumeneko, Madamu, kuno ntchito ilipo." Ndathokoza.

Ndachapa bulauzi ngakhale ndi yatsopano. Ndasita ndi simbi ya makala, nsalu ina pamwamba kuti phulusa lisagwere, zala zanga zothimbirirazi nditazikulunga. Ndaikoleka kuseri kwa chitseko. Ndikadutsa ndimaiyang'ana.

Ndikuopa. Ndalemba, ndi zimenezo. Ndikuopa kuti mawa anzanga asanu amene timaphunzira nawo Lachinayi avala, ine ndikhala kumbuyo ndi chitenje ngati mlendo. Ndikuopa kuti tsiku langa likadzafika, bokosi langa lidzanyamulidwa ndi aphunzitsi anzanga okha, akukambirana za malipiro.

Abambo ake Tadala andikhazika pansi pa khonde. Akuti aganiza njira zitatu:
- ndinene kuti ndi thobwa limene linagonera
- ndinene kuti ndowa ndi yawo, iwo ndi mwamuna, adzangodzudzulidwa basi
- ndikhale chete

Yoyamba ndi bodza, thobwa silikhala ndi yisiti wa mandasi. Yachiwiri yandigwira mtima, sindimayembekeza, koma munthu amene anapatsa abakha chivindikiro palibe angakhulupirire kuti angafulule kanthu. Yatsala yachitatu.

"Mayi, ndakhala nanu zaka zambiri. Vuto lanu si mowa. Vuto lanu ndi loti munthu akalakwitsa simutha kumusiya. Mawa lokha, tsiku limodzi, wina akanena cholakwika, mumeze malovu."

Ndati ine? Ine ndimatha kukhala chete bwinobwino. Ati pa ukwati wathu ndinakonza abusa atalakwitsa kutchula dzina la mudzi wanga. Ndati analakwitsadi.

Chabwino. Mawa chete. Ndalemba ndi cholembera chofiira: CHETE.

Lamulungu

Kachipinda ka akulu a mpingo n'kakang'ono, denga la malata, windo limodzi. Ndowa yanga yakhala m'menemo masiku atatu yosavindikira, tintchentche tili ng'waa pamwamba. Nditangolowa mphuno yandiuza zonse. Ndameza malovu oyamba.

M'kati muli abusa, akulu a mpingo anayi, Mayi Muhiwa, ine, ndi abambo ake Tadala pakona, maso ali pa ine. Bulauzi ili m'jumbo pamiyendo panga. Pawindo pali mitu ya ana a kwaya ya achinyamata, theka lawo ndi a Fomu 4. Rozi ali pakati.

Vuto loyamba: mpingo wathu sumwa, ndiye palibe amene akufuna kuvomera kuti amadziwa fungo la mowa. Ayang'anizana. Mapeto ake onse ayang'ana a Likhucha, mkulu wa mpingo amene umboni wake timaumva chaka chilichonse, woti kale ankagona m'ngalande asanatembenuke. Adzuka pang'onopang'ono ngati dokotala. Awerama, anunkhiza. Aviika chala, alawa. Nkhope yonse yakwinyika mpaka makutu.

"Abusa, ine mowa ndimaudziwa, ndinausiyira nyumba ndi njinga. Uwu si mowa. Uyu ndi viniga."

Alawa akulu ena awiri, popeza viniga si tchimo. Alavula pawindo. Viniga.

Mayi Muhiwa agwira pakamwa. Abusa apumira m'mwamba, akuoneka kuti nawonso sankaufuna mlanduwu. Ati, "Ndiye kuti amayiwa tawalakwira." Mayi Muhiwa adzuka, abwera kwa ine, agwira jumbo. "Madamu, mutikhululukire. Tiyeni mukavale, nthawi yatha."

Ndadzuka. Abambo ake Tadala akumwetulira koyamba sabata ino. Chitseko chili apo, mapazi atatu.

Ndiye a Likhucha, popukuta chala, aonjeza. Atembenukira kuwindo kumene kuli ana, kuti nawo aphunzirepo. "Mwamva ananu? Mowa ndi mowa, viniga ndi viniga. Zinthu ziwiri zosiyana chilengedwere, china sichisanduka chinzake. M'ndowa umu simunakhalepo mowa."

Ndayang'ana pawindo. Rozi akundiyang'ana. Onse akundiyang'ana, ana amene dzana lomweli ndinawauza kuti ndikanena chinthu pabolodi ndiye kuti ndi choona. Ndameza malovu. Ndamezanso. Akana kutsika.

Dzanja langa lakwera lokha.

"Iyayi, a Likhucha. Pepani. Unali mowa. Lachitatu unali mowa wabwino ndithu, Amake Fanesi analawa. Mwausiya pa mpweya masiku atatu m'chipinda chotentha, etanolo watenga okosijeni, wasanduka asidi. Viniga yense padziko lapansi anayamba wakhala mowa."

Pawindo mawu a Rozi, okweza ngati ali m'kalasi: "Okosideshoni!" Amayi ake amuyang'ana, mutu wazimiririka.

Abambo ake Tadala aphimba nkhope ndi chipewa. Abusa andifunsa mofatsa ngati ndamvetsa zimene ndanena. Ndati eya. Afunsanso kachiwiri, akundipatsa mpata. Ndati eya, abusa, ndipo ndikhoza kujambula.

Mayi Muhiwa asiya jumbo pang'onopang'ono. Sanakwiye. Ati, "Madamu, inu ndinu munthu wovuta kumuthandiza."

Chigamulo: chaka china chathunthu cha maphunziro a Lachinayi. Anzanga asanu avala. Ndakhala benchi yakumbuyo ndi chitenje changa, ndaimba nyimbo zonse, ndalira pa yachiwiri. Palibe chifukwa chobisira, ndalira ndithu.

Potuluka, ana a Fomu 4 anali pa mzere kuseri kwa kachipinda kaja, akulowa mmodzimmodzi kukanunkhiza ndowa.

Pobwerera kunyumba, abambo ake Tadala atsogola. Akankha njinga, ndowa pa keliyala. Pafupi ndi nyumba ndi pamene ati, "Mapazi atatu, mayi."

Ndikudziwa.

Bulauzi ndaipinda, ndaika pansi pa sutikesi pamodzi ndi duku, ndathiramo mankhwala a njenjete. Telala anasiya malo m'mbali, kaya ndinenepa chaka chino. Esita sitipanga, etanolo yense anapita. Ndowa ndaisefa ndi kansalu, ndipo mawa ikupita nane kusukulu. Ndikufuna ndione amene aime pageti kuletsa viniga.